Musatiuze kuti tidapulumuka pomwe akufa athu sadawerengedwe

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu yomweyi kuti ndidandaule, poti wandiputa ndinu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo nyuzi yanu ndimagula ndi kapenshoni kanga komweka, sindichita kubwereka. Sabata yathayi mudatulutsa nkhani yokumbukira mliri wa Covid-19. Mtolankhani wanu akuti Amalawife tizingothokoza chifukwa mliriwo udatilambalala, popeza mwa anthu pafupifupi 89,000 amene adapezeka ndi kachiromboka m'dziko lonse, omwalira sadafike 2,700. Akutinso Blantyre, mzinda umene anthu ankauopera kwambiri chifukwa cha kuthithikana kwake, udatuluka m'mliriwo wopanda chipsera. Ziwerengero ziwirizo sindikuzitsutsa, ndi zimene boma lidalengeza. Chandipweteka n'chakuti mwangozimeza osatafuna. Simudafunse kuti zidapezeka bwanji, adawerengedwa ndani, nanga adasiyidwa ndani. Ndiye mwasankha kutiuza zimenezi mwezi wa Juni uno, chiperoni chitayamba, ana akutsokomola m'makalasi, okalamba akubanika usiku.

Mphunzitsi wamkulu akaima pamaso pa makolo n'kunena kuti chaka chino akhoza mayeso ana 40, kholo lochenjera silithamangira kuomba m'manja. Limayamba lafunsa kuti adalemba ndi ana angati, nanga amene adasiyira sukulu panjira mayeso asanafike ndi angati. Chiwerengero cha mliri chimafuna mafunso omwewo. Anthu 89,000 aja ndi okhawo amene adayezedwa n'kupezeka nako kachiromboko. Omwalira osakwana 2,700 aja ndi amene matendawa adatsimikizika pa iwo ndi makina oyezera, ndipo ochuluka a iwo adatsikira kuli chete ali m'chipatala. Wodwalira kunyumba, wofera kunyumba, kawirikawiri sankalowa m'buku lililonse.

Nanga ankayezedwa ndani? Mliri utangofika, pa 2 Epulo 2020, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo, a Peter Mutharika, adalengeza za anthu atatu oyamba ku Lilongwe, malo oyezera adali owerengeka. Oyezedwa ambiri adali obwera kuchokera kunja, abale athu otsika mabasi a ku South Africa pachipata cha Mwanza, amene adakhudzana ndi wodwala wodziwika, ndi ofuna chikalata choti akwerere ndege. Ngakhale malo oyezerawo atachuluka, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Bangwe sankasiya benchi lake kukaima pamzere kuti amupise kamtengo m'mphuno. Akapezeka nako ndiye kuti masabata awiri ali bindikiro m'nyumba, nanga ana adya chiyani? Anthu ankaopanso kuti ukakalowa m'chipatala ndi chifuwa akakutsekera pawekha abale osakuona, ndipo ukafa akakukulunga m'pulasitiki n'kukakuika anthu ovala zoyera, popanda kusambitsa, popanda kuona nkhope, popanda mwambo wa mpingo. Manthawo adagwira ntchito yake. Anthu ankadwalira m'makomo, kudzifukiza masamba a bulugamu atafunda bulangete, kumwa tangawizi ndi mandimu, n'kumangoti chimfine cha chaka chino n'chovuta.

Kumpingo kwathu kope la zipepeso ndimasunga ndine. Pakagwa zovuta ndimalembamo dzina la malemu, tsiku, ndi zimene akhristu apereka, kaya ndalama, kaya ufa, kaya nkhuni. Masamba a Januwale ndi Febuluwale 2021 ndi odzaza kuposa a miyezi ina yonse m'kopemo, ndipo maina ochuluka ndi a anthu a imvi. Mmodzi mwa iwo adali mkulu wa mpingo amene tidayandikana nyumba, bambo wa shuga koma woyenda okha, olima dimba lawo. Adayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi monse. Ana awo adawagulira mankhwala a malungo pagolosale. Patapita masiku adayamba kukana nsima, amvekere ndiwo sizikukoma, ngakhale utsi wa mbaula sakuumva fungo. Kenako mpweya udayamba kuperewera. Ankakhala pamkeka atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa, akayankhula mawu awiri n'kuyamba apumira. Usiku umene banja lidaganiza zothamangira nawo kuchipatala galimoto idapezeka mochedwa, ndipo adatsirizikira pakhomo pomwepo. Palibe adawayeza ali moyo, palibenso adawayeza atamwalira. Pamaliro woyankhulira banja adati bambo apita ndi shuga ndi chibayo, tonse tidagwedeza mitu, ndipo tidachezera m'siwa titathinana, tikuimba mpaka m'bandakucha. Mwezi usanathe, alongo awo amene ankawadwazika nawonso tidakawaika. A Mkonzi, anthu awiriwa m'chiwerengero chanu chija mulibe.

Mwina munena kuti kope la mpingo umodzi si umboni. Chabwino, tiyeni timve kwa akatswiri, ena a iwo a konkuno. Munthu akadwalapo matendawa, m'magazi mwake mumatsala asilikali amene thupi lidapanga polimbana nawo, ndipo amenewo amaoneka powayeza ngakhale munthuyo adachira kalekale. Mu Meyi ndi Juni 2020, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adayeza magazi a ogwira ntchito zachipatala 500 mumzinda muno, anthu amene sankadandaula kalikonse m'thupi. Adapeza kuti 12 mwa 100 alionse adali atakumana nako kale kachiromboko, nthawi imene chiwerengero cha dziko lonse chidali chikadali m'mazana. Pambuyo pake ofufuza adayezanso magazi oposa 5,000 mwa amene anthu amapereka ku Malawi Blood Transfusion Service. Mu Okutobala 2020 okhala ndi asilikali aja sankafika 20 mwa 100. Pofika Meyi 2021 adali pafupifupi 65 mwa 100, ndipo mu Julayi chaka chomwecho, ku Blantyre kuno, adali pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Opereka magazi ambiri ndi achinyamata, choncho sangaimire mzinda wonse ndendende. Komabe tachitani samu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre. Ngakhale titati lidagwidwa ndi theka lokha, ndi anthu 400,000 mumzinda umodzi, kuposa kanayi chiwerengero cha dziko lonse chimene mwatiwerengera.

Za omwalira, taonani kwa anansi athu. Ku Lusaka madokotala adaganiza zoyeza mitembo imene inkafika kumotchale ya University Teaching Hospital pakati pa Juni ndi Seputembala 2020. Mwa mitembo 364, kachiromboka kadapezeka mu 70. Mwa 70 amenewo, 51 adamwalirira kunja kwa chipatala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adayezedwa ali moyo. Mwa 19 omwalirira m'chipatala, oyezedwa adali 6 okha. Moyo wa ku Kanyama kapena ku Matero, ku Lusaka komweko, susiyana kwenikweni ndi wa ku Ndirande kapena ku Mbayani. Ku South Africa nako, kumene imfa zambiri zimalowa m'kaundula, bungwe la South African Medical Research Council linkatulutsa sabata iliyonse chiwerengero cha onse omwalira n'kuchiyerekeza ndi cha zaka zam'mbuyo. Imfa zoonjezera pa zozolowereka zidafika pafupifupi 300,000, ndipo akatswiri a bungwelo adati zochuluka zidali za mliri womwewu, pomwe zolengezedwa ndi boma zidangopitirira pang'ono 100,000. Ngati dziko la zipatala zambiri ndi makina ambiri lidaphonya chonchi, ife tikudzitama ndi chiyani?

Sindikunena kuti tidafa ngati a ku Italy kapena a ku Brazil. Theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo matendawa ankalusa kwambiri pa okalamba ndi pa odwala shuga, BP ndi mtima. N'zoona kuti ambiri amene adagwidwa adangotsokomola n'kuchira, ena osadziwa n'komwe. Koma kuchuluka kwa ochira sikutiuza kuti omwalira adali angati. Lamulo la kalembera wa anthu la 2010 limati imfa iliyonse izilembedwa, koma imfa zambiri za m'makomo zimathera pa chilolezo cha amfumu ndi khasu la adzukulu. Mtolankhani amene sakudziwa zimenezi alibe ufulu wotiuza kuti tidapulumuka.

Dandaulo langa lachiwiri ndi la mmene munkatipatsira ziwerengerozi mliri uli mkati. Tsiku ndi tsiku komiti ya Pulezidenti yolimbana ndi mliriwu, imene a Dr John Phuka adali mmodzi wa oitsogolera, inkatulutsa chikalata. M'chikalatamo munkakhala zinthu zothandiza: oyezedwa tsikulo, opezeka nako m'boma lililonse, ndi ogonekedwa m'zipatala. Inu munkatolamo chimodzi, chiwerengero cha onse odwala chiyambire, n'kuchiika m'zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba. Chiwerengero chotero sichitsika. Chimangokwera, kaya mliri walusa kaya wazizira. Munthu wa ku Chilomoni sichimuuza ngati sabata ino n'kwabwino kupita ndi agogo ake kutchalitchi kapena ayi. M'kupita kwa nthawi anthu adatopa nacho, ena n'kumati boma likungofufumitsa manambala kuti akunja atumize ndalama. Mphekesera za pa WhatsApp zidapeza malo chifukwa choona chake chinkabwera mosamveka.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa chidali china: mwa anthu 100 oyezedwa, opezeka nako ndi angati? Mu Meyi 2020 bungwe la WHO lidalangiza kuti chiwerengero chimenechi chizikhala pansi pa 5 kwa masabata awiri dziko lisanafewetse malamulo. Chikamachoka pa 3 kufika pa 10, kenako pa 20, ndiye kuti matenda akufala mofulumira ndipo ambiri sakuyezedwa. Zizindikiro za mliri zimabweranso motsatana. Choyamba amachuluka ndi opezeka nako. Pakatha sabata kapena kuposerapo mabedi a m'chipatala amayamba kudzaza, okosijeni n'kuyamba kuperewera. Maliro amabwera pomalizira, patatha masabata awiri kapena atatu. Choncho wowerenga maliro okha amakhala akumva nkhani ya mwezi watha, nthawi yodzitchinjiriza itadutsa kale.

Takumbukirani Disembala 2020. Anthu adali atataya mamasiki, maukwati ndi zinkhoswe zitabwerera mwakale, abale ochokera ku Johannesburg ndi ku Cape Town akufika kudzadya Khirisimasi, ndipo kumeneko kudali kutabuka mtundu watsopano wa kachiromboka umene pambuyo pake adautcha Beta. Opezeka nako adayamba kuchuluka chaka chisanathe, ndipo mtolankhani wodziwa kuwerenga chikalata chija akadatikuwira pomwepo. Dziko lidadzidzimuka pa 12 Januwale 2021, tsiku limene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti dziko lili pangozi. Ndiye kudali kuthamangathamanga: zipatala zongoyembekezera ku Blantyre Youth Centre, ku Bingu National Stadium ndi kunyumba ya boma ku Zomba, ndipo a Onjezani Kenani ndi anzawo ali kalikiliki kusonkhetsa ndalama pa Facebook zogulira masilinda a okosijeni. Kodi m'dziko muno chizindikiro chakuti mliri wafika chizikhala imfa ya nduna? Ku Bangwe adzukulu adali atadziwa kale.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife osauka kuposa kwa opeza bwino. Mu Epulo 2020 boma lidafuna kutitsekera m'nyumba masiku 21. Mavenda adachita zionetsero, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC adakamang'ala kukhoti, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda adaimitsa chiletsocho. Ambiri tidapumira m'mwamba, chifukwa munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sungamutsekere osamupatsa ufa. Koma ngati mzinda sungatsekedwe, chotsala n'chiyani? Chotsala ndi kuwauza anthu zoona pa nthawi yake, kuti aliyense adziteteze mmene angathere. Wa galimoto yake, wogwirira ntchito pakompyuta m'nyumba ya mpanda ku Namiwawa, angathe kudzipatula chaka chonse. Ife timakwera minibasi anayianayi pampando kuchoka ku Bangwe kupita ku Limbe, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, mnzako akuyetsemulira m'khosi mwako, kondakitala akulandira ndalama m'manja mwa aliyense. Sitingavale masiki chaka chonse. Sitingaleke kugona kumaliro chaka chonse. Sitingaletse agogo kupita kutchalitchi kapena kumzikiti chaka chonse. Koma masabata anayi kapena asanu oopsawo tingathe kupirira, wina atatiuza kuti ndi ano. Ndiyo ntchito ya ziwerengero mumzinda wa anthu osauka, ndipo ndiyo ntchito imene nyuzi yanu idaizemba.

Ngakhale masiku amene munkatchula Blantyre, munkangotipatsa nambala imodzi ya boma lonse. Boma la Blantyre limayambira kumtunda kwa Mdeka ndi Lirangwe mpaka kupitirira Mpemba. Kuthithikana kwa ku Ndirande, kumene banja lonse limagona chipinda chimodzi ndipo mabanja angapo amatunga pampope umodzi, sikufanana ndi kwa kumudzi. Zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe, Bangwe ndi South Lunzu zili ndi mabuku olembamo aliyense wobwera ndi chimene wadandaula. Alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, amayenda m'makomo ndipo amalemba malipoti. Ziwerengero za dera ndi dera zilipo m'mabukumo. Wozifunsa m'malo mwathu ndiye adasowa.

Chandiwawa koposa n'chakuti nkhani yanu sidatchule n'komwe ntchito imene idachitikira m'mitsinje yathu yomweyi. Munthu amene ali ndi kachiromboka amakatulutsanso akapita kuchimbudzi, ngakhale asanayambe kutsokomola, ngakhalenso atakhala wosadwala n'komwe. M'mizinda ya kunja amayeza madzi a m'mipope ya zonyansa kuti adziwe mmene matenda akuyendera. Kuno ambiri timagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo zonyansa zambiri zimakathera m'mitsinje monga Mudi ndi Naperi. Kuyambira mu Meyi 2020 mpaka mu Meyi 2022, ofufuza ankatunga madzi m'mitsinje ya mumzinda muno ndi pamalo oyeretsera madzi a zonyansa n'kumakawayeza. Adapeza kuti kachiromboka kankayamba kuchuluka m'madzimo odwala asanachuluke m'zipatala, ndipo ankatha kuzindikira ngakhale mtundu wake. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2023 m'magazini ya sayansi ya Nature Communications. Botolo limodzi la madzi a mumtsinje limayankhulira anthu masauzande amene sadzapita kukayezetsa, kaya chifukwa cha mantha kaya chifukwa chosowa ya minibasi. A m'maiko ena akuwerenga za Blantyre n'kumatengerapo phunziro, koma eni mitsinjefe nyuzi yathu sidatiuze, ndipo sidafunse ngati ntchito yotere ingakhazikike kuti izitichenjeza chaka ndi chaka.

Sindine munthu wosayamika. Pa nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 atolankhani mudagwira ntchito yotamandika. Mudalondola maalawansi ndi misonkhano ya m'mahotela mpaka lipoti la ofufuza za chuma cha boma lidatuluka mu Epulo 2021, nduna ina n'kuchotsedwa paudindo. Mudationetsanso utsi wa katemera 19,610 wotha mphamvu amene adaotchedwa ku Kamuzu Central Hospital pa 19 Meyi 2021. Ndiye kuti kuwerenga mumakudziwa. Ndalama mumazitsata mpaka tambala yomaliza. Bwanji zikafika pa anthu mumangolandira chimene mwapatsidwa?

Ndipo tidaonapo kale kuti ziwerengero za malo ndi malo zimathandiza. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700, ankalengezedwa boma ndi boma. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwetsedwa kutsegulira pomwe za kwina zidatsegulidwa, chifukwa zidaoneka kuti vuto lakula kwambiri m'mizinda iwiriyi. Wina angatsutse chigamulocho, koma chidachokera pa kudziwa kumene matenda alusa, ndipo mwana wa ku Chitipa sadalangidwe chifukwa cha zimbudzi za ku Mbayani. Matenda a m'chifuwa akuyeneranso kutsatidwa motero.

Bungwe la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi ya dziko lonse lapansi, koma kachiromboko sikadasamuke. Chimfine chachikulu chimabwera chaka ndi chaka, chibayo chikutengabe ana osakwana zaka zisanu, TB ili pakati pathu, ndipo tsiku lina kudzabuka kachirombo kena kachilendo. Mliri wathawu udatimenya kanayi, mu Julayi 2020, mu Januwale 2021, mu Julayi 2021 ndi kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo maulendo awiri mwa anayiwo adali a nyengo yozizira ngati ino. Akuluakulu adati linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Pempho langa ndi ili. Patulani kabokosi kakang'ono patsamba lanu la Chichewa, Loweruka lililonse, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, komanso nthawi ina iliyonse pakabuka matenda a m'chifuwa. M'kabokosimo mutiuze zinthu zochepa, zomwezomwezo sabata iliyonse, kuti maso athu azizolowere.

Mutiuze kuti mumzinda wa Blantyre ayezedwa anthu angati sabata imeneyo, ndipo mwa 100 alionse apezeka ndi kachirombo ndi angati. Mutiuze kuti pachipatala chaching'ono chilichonse afika angati odandaula chifuwa, kutentha thupi ndi kubanika, ana paokha, akuluakulu paokha. Chimenechi sichilira makina aliwonse, koma kuwerenga mizere ya m'buku. Mutiuze kuti ku Gulupu, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, agonekedwa angati ovutika kupuma ndipo ali pa okosijeni ndi angati. Kumeneko kudaikidwa makina opangira okosijeni mu 2020, ndipo kuchuluka kwa mpweya umene ukutha pa sabata ndi chizindikiro chimene sichinama. Ngati madzi a m'mitsinje akuyezedwa, mutiuze ngati kachirombo kakuchuluka kapena kakuchepa.

Mutiuzenso za maliro onse, osasankha kuti wapita ndi chiyani. Mafumu ndi manyakwawa amadziwa imfa iliyonse ya m'dera lawo chifukwa manda sakumbidwa iwo asanauzidwe. Oyang'anira manda a mumzinda, monga a HHI, ali ndi mabuku awo. Mipingo ndi mizikiti ili ndi makope ngati langali. Mtolankhani mmodzi wokhala ndi foni angathe kuimbira anthu omwewo Lachinayi lililonse. Sizingakwane zonse, koma ngati manda amene amalandira maliro ochepa pa sabata ayamba kulandira owirikiza kawiri, tidzadziwa kuti kunja kwaipa ngakhale palibe wayezedwa. Pambali pa nambala iliyonse muziika ya sabata yatha ndi ya sabata yomweyo chaka chatha, chifukwa nambala yoima yokha sikuuza ngati zinthu zikukwera kapena zikutsika.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati ziwerengero zotere zidzaopseza anthu. Anthu a ku Bangwe amaopa kale, ndipo amaopa kwambiri akamaona mabokosi akudutsa popanda wowafotokozera. Ndi m'mdima wotero mmene mumabadwira nkhani zakuti anamwino akubaya anthu jakisoni wakupha, kapena kuti katemera ndi chizindikiro cha chilombo, ndipo tidaona azaumoyo akuthamangitsidwa kumaliro chifukwa cha mphekesera zomwezi. Ena ati kutchula madera kudzachititsa kuti anthu a ku Ndirande kapena ku Chirimba azisalidwa. Sindikupempha maina a anthu kapena manambala a nyumba, ayi. Ndikupempha kuti mayi wa ku Chirimba adziwe kuti kwawoko chifuwa chavuta sabata ino, kuti mwana akayamba kupuma mothamanga asadikire kuti kuche. Enanso ati ogula nyuzipepala ndi ochepa. Zoona, koma mawayilesi amawerenga mitu ya nkhani zanu m'mawa, abusa ndi mashehe amatha kulengeza, aphunzitsi amatha kuuza ana pamzere, ndipo chithunzi cha kabokosiko chidzazungulira pa WhatsApp tsiku lisanathe. Mukachilemba m'Chichewa chomveka chidzafika kutali kuposa zikalata za Chingerezi zija.

Ndipo akuluakulu ena akakana kupereka ziwerengerozi, musatseke nkhani n'kukhala chete. Kabokosiko kazituluka chomwecho kopanda kanthu, pansi pake mutalemba kuti tidafunsa ofesi yakuti tsiku lakuti ndipo sadatiyankhe. Muzichita zimenezo sabata ndi sabata mpaka manyazi awagwire. Ziwerengerozo ndi za matupi athu ndi za akufa athu, ndipo olemba m'mabukumo amalipidwa ndi misonkho yathu.

Mtolankhani wanu uja mumutumenso. Akwere minibasi afike ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Chilobwe, akakhale pansi ndi adzukulu, okhoma mabokosi ndi amayi a chigwirizano amene ankaphika kumaliro mu Januwale 2021, akaonenso ofufuza amene adayeza magazi ndi madzi aja. Akabwerako alembenso nkhaniyo, ndipo muiike patsamba lomwe lija, m'zilembo zazikulu chimodzimodzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, a Mkonzi. Kabokosi kaja ndikukayembekezera Loweruka likubwerali.

Ine wanu wodandaula,

Mphunzitsi wopuma,
Bangwe, Blantyre